Kothawira kwa Madamu Kunali ku Oman

Anaponya mabomba ndi Aamereka, mabombawo anakagwera ku Iran, koma amene anatsala pang'ono kufa ndi mantha ndine, Esinati wa ku Chirimba, munthu woti ngakhale kwathu komwe ndinavotapo kamodzi kokha. Munali mu June, kutentha kuja kwa ku Dubai koti ukatsegula chitseko umangomva ngati wavundukula poto. Ndinali nditagwira ntchito chaka ndi theka kwa banja lina lachimereka kufupi ndi Dubai Investments Park, ndikulera mwana wawo wamkazi wa zaka zinayi, dzina lake Lili. Lamulungu m'mawa, nditavala kale zakutchalitchi, ndinapeza madamu ataima pa TV atagwira pakamwa. Pulezidenti wa kwawo anali atalengeza kuti ndege zawo zaphulitsa malo ena ku Iran, ndipo aliyense ankafunsa funso limodzi: nanga a Iran akafuna kubwezera, abwezera kuti? Kuchokera ku Dubai, Iran ndi kutsidya kwa nyanja chabe.

Bwana anali kunja ndi ntchito. Madamu anakhala tsiku lonse pa foni, ndipo madzulo anandiitana kukhitchini.

"Esinati, longedza zovala za Lili za sabata imodzi, ndi zakonso. Mawa m'mawa tikupita ku Oman pa galimoto. Tikadikirira ku Muscat mpaka zinthu zizizire. Viza yako ndakulembera kale pa intaneti."

"Chabwino madamu."

Mawu amenewo anatuluka okha, abale. Ife ogwira ntchito m'nyumba za kuno pakamwa pathu panazolowera. Madamu akati kolopa denga, umati chabwino madamu, kulira ukalirira kubafa. Koma nditangomva dzina loti Oman ndinachita kutsamira sinki.

Ine ku Oman ndinakhalako, ndipo madamu sankadziwa. Ejenti wina wa ku Blantyre anandilonjeza ntchito ku Dubai, ndege inakanditula ku Muscat, kenako anandipereka kunyumba ina kufupi ndi Sohar ngati mbuzi yogula pamsika. Pasipoti anandilanda tsiku lomwelo. Miyezi khumi ndi umodzi ndinkadzuka kusanache n'kugona anthu onse atagona, mbama zinali chakudya, ndipo zina za bambo wa m'nyumbamo sindizinena. Ndinathawa nditavala patapata. Amayi ena achifundo a pa gulu la pa foni ndi amene anandibisa n'kundivutikira mpaka ndinafika kwathu. Patapita miyezi iwiri, mtsikana wa ku Dedza amene ankagwira nyumba yoyandikana nafe ananditumizira uthenga: mayi wa m'nyumba ndinathawa ija wapita kupolisi, akuti unamubera zibangili zagolide. Sindinabe ngakhale sipuni, Mulungu ndi mboni. Koma ngati mlanduwo unalembedwadi kapena mayiyo ankangoopseza antchito ena, panalibe wondiuza.

Nditapeza mwayi wa ku Dubai ndi pasipoti yatsopano, ejenti wachiwiri anandilangiza kuti za Oman ndisatchule, chifukwa wantchito wothawapo palibe amamufuna. Madamu pondifunsa ngati ndinagwirapo ntchito kunja, ndinati ayi. Pasipoti ungasinthe, koma pa boda amajambula maso ndi zala, ndipo zimenezo ndinali nazo zomwe zija.

Ndinaimbira Anabanda, mayi wa ku Kasungu amene amalera ana ku Al Rigga, konkuno ku Dubai, timapemphera limodzi.

"Iwe mwana iwe, Oman? Mutu ukuyenda bwino koma? Uwauze kuti ukudwala."

"Achemwali, andiona tsiku lonse ndili bwinobwino. Ndiponso viza yatuluka kale."

"Yatuluka? Aaa, ndiye mwina kulibe mlandu. Kaya. Koma kunali mtsikana wina wa ku Kenya, viza inatuluka bwinobwino, anakamugwirira pa makina a maso. Mpaka lero foni yake siikupezeka. Ungowauza zoona, khalas, nkhani ithe."

"Ndikawauza andichotsa ntchito. Chisomo adya chiyani?"

Chisomo ndi mwana wanga, ali kwa amayi ku Chirimba. Anabanda anangopuma mozama n'kunena kuti atipempherera. Ndinadziuza kuti ndiwauza madamu m'mawa tisananyamuke. M'mawa kutacha ndinapezeka ndikunyamula zikwama.

Tinali anayi m'galimoto. Madamu pa chiwongolero, ine kumbuyo ndi Lili, ndipo kutsogolo kunakhala bambo awo a madamu, amene anabwera kudzaona mdzukulu. Ine ndinkawatchula Agogo, mpaka Lili anatengera. Anali mphunzitsi wopuma wa mbiri yakale, wamtali, wowonda, wa zaka zopitirira makumi asanu ndi awiri, ndipo kachipangizo kawo ka m'khutu kankalira tswii ngati udzudzu. Munthu wolongolola ngati ameneyo sindinamuonepo. Ankalankhula ngati tonse tili kuseri kwa phiri.

Tisanatuluke n'komwe mu Emirates Road anali atayamba kale kukangana ndi mwana wawo.

"Munamuvotera nokha pulezidenti ameneyu," anatero Agogo.

"Adadi, lero ayi, chonde."

"Sindikunena kuti enawo anali angelo. Ndaona mapulezidenti ambiri ine, ndipo pafupifupi aliyense anali ndi kankhondo kake. Iwe Esinati, ukudziwa kuti ine ndili ndi zaka khumi ndi zitatu tinatsala pang'ono kupsa tonse, dziko lonse, chifukwa cha mizinga imene inaikidwa ku Cuba? Aphunzitsi ankatiuza kuti bomba likagwa tilowe pansi pa desiki. Desiki yamatabwa!"

"Eya, agogo," ndinayankha. Za Cuba ndinalibe nazo ntchito. Maso anga anali pa foni ya madamu imene inkaonetsa msewu, ndipo nambala ya makilomita inkangotsika.

Titadutsa Lahbab, kuja kuli milu ya mchenga wofiira, ngamila zili ndawala kuseri kwa waya, tinayenda ndithu mpaka ndinaona kutsogolo kanyumba, chotchinga msewu ndi asilikali awiri. Mayo ine! Ndinkayesa kuti ndidakali ndi ola lathunthu tisanafike pa boda. Thukuta linatsika kumsana ngakhale m'galimoto munkazizira. Ndinagwira dzanja la Lili mwamphamvu mpaka mwana anati ndikumupweteka. Msilikali anasuzumira, anaona mapasipoti athu, n'kupukusa mutu. Msewu umenewo umadula kachigawo ka Oman usanafike ku Hatta, kumene kuli boda, ndipo alendo saloledwa kudutsamo. Tibwerere, tizungulire cha ku Maliha. Madamu anamenya chiwongolero n'kutukwana foni yawo. Ine ndinathokoza Mulungu chamumtima ngati mwana amene aphunzitsi aiwala kumukwapula, chonsecho ndikudziwa kuti belu silinalire.

Kuzungulira kuja kunatidyera ola ndi theka. Lili, amene anali atadya mabisiketi ndi juwisi chiyambire, anasanza pa siketi yanga tisanafike ku Maliha, ndipo Agogo anali atapempha kale chimbudzi kawiri. Tinaima pomwetsera mafuta. Galimoto zinali zambiri, zina za azungu zodzaza zikwama mpaka kudenga, koma anyamata othira mafuta ankangogwira ntchito yawo ngati palibe chachitika. Madamu anatenga mwana kukamusintha. Ine ndinaima pamthunzi ndikuyesa kutsegula botolo la madzi kuti nditsuke siketi, koma chitsekero chinkangoterera.

Agogo anandilanda botololo n'kutsegula.

"Ukuopa mabomba?"

"Eya, agogo."

"Bodza," anatero, ndipo kwa nthawi yoyamba analankhula motsitsa. "Munthu woopa mabomba amayang'ana kumwamba. Uwaone azungu anzangawa. Iwe chichokereni kunyumba ukungowerenga zikwangwani za msewu."

Ndinawerama n'kumatikita siketi ngati ndiyo nkhani yaikulu padziko. Iwo sanafunsenso.

Kuchoka ku Maliha mchenga unatha, tinalowa m'mapiri amiyala opanda ngakhale mtengo umodzi wooneka. Agogo anayambiranso kalasi yawo. Anatiuza za pulezidenti amene anaomberedwa masanasana ali m'galimoto yopanda denga, mkazi wake ali pambali, ndi mmene aphunzitsi awo analowera m'kalasi akulira. Anatiuza za wina amene anatula pansi udindo pa TV atagwidwa kuti ankabisa zauve za anyamata ake. Madamu anakweza wailesi, Agogo anakweza mawu. Kenako, titadutsa Shawka, Agogo anazimitsa okha wailesiyo.

"Esinati, unamvapo za maere a nkhondo?"

"Adadi, imeneyo tinaimva kambirimbiri," anatero madamu.

"Iwe unaimva. Uyu sanaimve."

Sanatembenuke. Ankayang'ana kutsogolo, koma ndinadziwa kuti akulankhula ndi ine. Akuti nthawi ya nkhondo ya ku Vietnam boma lawo linkafuna anyamata, ndiye linachita maere pa TV dziko lonse likuonera. Masiku onse a chaka anawalemba pa timapepala, n'kutiika m'timipira m'chibotolo chachikulu chagalasi. Tsiku lako lobadwa likatuluka koyambirira, basi, konzeka. Iwo anaonera ali m'chipinda cha kukoleji ndi anzawo, ndipo tsiku lawo linatuluka asanamalize n'komwe kumwa botolo loyamba. Mnzawo amene anakhala naye mpando umodzi lake linatuluka kumapeto, anapita kukavina.

"Ndinali ndi zaka makumi awiri. Ndinali ndisanaphepo ngakhale nkhuku. Kalata yondiitana kunkhondo itabwera ndinaiika m'thumba, ndinakwera basi yopita ku Canada. Ukudziwa chimene ndimakumbukira? Si nkhondo ayi. Ndi kanyumba ka pa boda, ndi munthu atagwira chiphaso changa akuyang'ana m'buku. Lilime limauma, sichoncho? Umafuna kukodza koma mkodzo palibe. Umayamba kudana ndi aliyense amene akuseka pamzere."

Tsemwe linandiyenda thupi lonse. Mzungu wokalamba ameneyu ankafotokoza za m'mimba mwanga.

"Munakhalako nthawi yaitali bwanji, agogo?" Linali funso langa loyamba ulendo wonse.

"Zaka zisanu ndi ziwiri. Kubwerera kunali kundende, kapena ndi mmene tinkadziwira. Mpaka kunabwera pulezidenti wina, mlimi wa mtedza, amene atangolowa mu ofesi anasaina kuti tonse othawa maere takhululukidwa. Siginecha imodzi. Anthu ena mpaka lero amatitcha amantha, ndipo mwina akunena zoona."

"Mwamaliza?" anafunsa madamu. "Tafika."

Pa boda ya Hatta mzere wa galimoto unayambira kutali. Dzuwa linali paliwombo, ndipo tinkasuntha pang'onopang'ono ngati maliro. Kutsogolo kwathu kunali banja la Amwenye m'kagalimoto kofiira, bambo ake ankangotuluka kukaona kutsogolo n'kubwerera akupukusa mutu. Lili anafuna kuti ndimuimbire, ndinaimba, mawu akutuluka ngati a munthu wina. Ndinkati ndilankhula galimoto zikatsala khumi. Zitatsala khumi ndinati zikatsala zisanu. Ndinalemba uthenga kwa amayi woti Chisomo asasiye sukulu zivute zitani, kenako ndinaufufuta poopa kuwadwalitsa.

Pa zenera la mbali ya Dubai zinayenda mwachangu mochititsa mantha. Madamu analipira ndalama yotulukira, madirhamu makumi atatu ndi asanu munthu aliyense, wapolisi anaitana mayina athu mmodzimmodzi, chidindo chinalira kanayi. Basi, ndinali nditatuluka m'dziko limene linkandisunga. Kumbuyo chipata chatsekeka, kutsogolo kuli Oman, ndipo pakati pali msewu wa mphindi zochepa wodutsa m'miyala.

Kenako ndinaiona mbendera ija, yofiira, yoyera ndi yobiriwira. Abale inu, thupi limakumbukira zimene mutu unayesa kuiwala. Ndinamva fungo la lubani la m'nyumba ya ku Sohar ngati lili m'galimoto momwemo. Ndinamva kulira kwa makiyi a mayi uja. Madamu anaimika galimoto pabwalo, anapita pa kaofesi kukagula inshuwalansi ya galimoto, ndipo anabwerako akupepesera pepala kumaso.

"Yalla, tiyeni. Akuti tonse tilowe mkati, akufuna kujambula zala ndi maso. Esinati, nyamula mwana."

Ndinafuna kunena chabwino madamu. Ndithu ndinafuna. Koma pakamwa panatuluka mawu amene ndinali ndisanawanenepo kwa bwana aliyense chibwerereni kuno.

"Ayi madamu."

"Wati chiyani?"

"Sindilowa. Sindingathe."

Ndinawauza zonse pomwepo, chitseko cha galimoto chili chotsegula, kutentha kukulowa, Chingerezi changa chikuthyokathyoka. Za ejenti, za Sohar, za patapata, za zibangili. Nkhope ya madamu inafiira kuyambira m'khosi.

"Unandinamiza. Ndinakufunsa m'nyumba mwanga, unandiyang'ana m'maso n'kunena kuti sunagwirepo kunja. Ndakhala ndikukusiyira mwana wanga tsiku ndi tsiku! Ndiye ukundiuza pano? Pano, Esinati? Bwanji osanena dzulo?"

"Ndinkaopa, madamu."

"Unaba?"

"Sindinabe."

"Ndiye ukuopa chiyani? Ngati sunabe palibe angakuchite kanthu. Tilowe, akakufunsa ufotokoze, ine ndili pompano."

Kunena zoona, madamu sanali munthu woipa. Pasipoti yanga ndinkasunga ndekha, Lamulungu ndinkapuma, ndikadwala ankandiperekeza kuchipatala. Ankakhulupiriradi zimene ankanenazo, ndipo n'zimene zinandiopsa kwambiri. Agogo ndi amene anayankha.

"Amenewo ndi mawu a munthu woti akamangidwa, akazembe ake amafika tsiku lomwelo. Uyu akamulowetsa m'kachipinda kakumbuyo, iwe udzaima pakhomo maola angati mwana akulira? Awiri? Kenako udzapita ku Muscat n'kumaimba mafoni."

"Adadi, musalowerere. Mwina kulibe n'komwe mlandu!"

"Mwina kulibe," anavomera Agogo. "Koma wolowa m'kachipindamo si iwe."

Wapolisi wina wa ku Oman, wovala bwino, ankayenda pakati pa galimoto akuyang'ana amene akuchedwa. Anatiyang'ana, anayamba kubwera. Ndinaganiza zotsegula chitseko chinacho n'kuthamangira m'miyala, ndithu ndinaganiza, ine mayi wa mwana. Wapolisiyo anafika pa zenera n'kufunsa mwaulemu ngati pali vuto. Madamu anandiyang'ana. Sekondi imeneyo ndimailotabe. Akanangonena chiganizo chimodzi, ine basi.

"Taiwala mankhwala a bambo anga," anatero madamu. "Tikufuna kubwerera."

Wapolisi anatilozera potembenukira.

Kubwerera kunali kovuta kuposa kupita. A mbali ya Dubai anadabwa kuti tatuluka koma ku Oman sitinalowe, ndiye anatitumiza mu ofesi kuti akafufute zidindo zotulukira. Tinakhala pa mipando yachitsulo pafupifupi maola awiri. Madamu sanandilankhule ngakhale liwu limodzi. Ankangoyang'ana nkhani pa foni, mwendo ukugwedezeka, ndipo ndinaona kuti nawonso mantha awo anali enieni: ankakhulupirira kuti ola lililonse limene ndawachedwetsa likhoza kuphetsa mwana wawo. Bwana wa pamenepo anandifunsa chifukwa chobwerera, Agogo anayamba kumufotokozera za matenda awo a chikhodzodzo mwatsatanetsatane, mokweza, mpaka munthuyo anadinda msanga kuti tichoke.

Madamu anatitengera pa siteshoni ya basi m'tauni ya Hatta. Anatsitsa chikwama changa n'kundipatsa kiyi wa nyumba osandiyang'ana.

"Pita kunyumba. Tikambirana ndikabwera."

Lili anamva kuti sindipita nawo. Anandigwira siketi ndi manja onse awiri, akukuwa dzina langa, ndipo ndinachita kumasula tizala take kamodzikamodzi. Ndinamulera kuyambira asanadziwe kulankhula bwino, mpaka ankati "ndatopa" ndi "iwe" m'Chichewa. Zinandiwawa kwabasi, ndipo ndinalira pamaso pa anthu osachita manyazi.

Ndikupukuta misozi, ndinaona Agogo akukoka kachikwama kawo kumbuyo kwa galimoto.

"Adadi, mukutani?"

"Ndikubwerera ku Dubai."

"Mwapenga? Tikuthawa chiyani nanga? Lowani m'galimoto!"

"Pita ndi mwana, ukaimenso pamzere dzuwa lisanalowe. Ine ndatopa ndi mpando uwu."

Anakangana kwa kanthawi, madamu akulira ndi ukali, koma mdala uja akakana wakana. Galimoto inanyamuka, nkhope ya Lili ili pa galasi lakumbuyo. Ndinatsala ndi mzungu wokalamba amene analibe ngakhale khadi ya basi. Makina ogulitsa makhadi anakana ndalama yawo yapepala katatu chifukwa inali yokwinyika, mpaka mnyamata wina wa ku Pakistan anatisinthira. Basi yopita ku Deira, mkati mwa Dubai, inali itangochoka kumene. Tinadikira yotsatira tikumwa tiyi wamkaka wotchedwa karak wa m'kakapu kapepala, Agogo akudandaula kuti shuga wachuluka koma anamwa awiri.

Ndinene pano kuti ntchito ija inatha. Nkhondo inaima m'mawa mwake momwemo, madamu anabwerako patapita masiku anayi, ndipo anandiuza modekha kuti sakundida koma sangathenso kundikhulupirira. Anandilembera kalata yabwino, anandipatsa mwezi woti ndipeze kwina. Pano ndili ku Al Rigga, kwa banja lina la Amwenye limene Anabanda anandipezera, ndipo tsiku loyamba lomwe ndinawauza za Oman. Lili sindinamuonenso. Ngati dzina langa lili m'kompyuta ya apolisi a kumeneko kapena ayi, mpaka lero sindikudziwa.

Koma tibwerere m'basi. Tinakwera dzuwa litapendeka. Kutsogolo kumakhala amayi ndi mabanja, ndiye dalaivala anatiyang'ana, ine wakuda bii, Agogo oyera mbee, n'kufunsa ngati tili limodzi. Agogo anati eya. Kumbuyo kunadzaza anyamata ogwira ntchito m'mafamu ndi m'makontrakiti, ndipo pambali pathu panakhala mayi wa ku Philippines ndi kolona m'manja. Agogo anagona pakamwa pali yasa mpaka tinatuluka m'mapiri.

Mdima utangogwa, magetsi a Dubai akuonekera patali, mafoni anayamba kulira m'basi monse nthawi imodzi. Wina kumbuyo anakuwa m'chilankhulo chake. Mayi wa kolona uja anandionetsa foni yake: timoto tikuuluka mumdima. A Iran anali ataponya mizinga pa malo a asilikali a Amereka ku Qatar, ndipo anthu ankati ndege zaimitsidwa, ena ankati kenako ndi kuno. Aliyense anakanikiza nkhope pa zenera kuyang'ana kumwamba. Dalaivala sanachepetse liwiro, ankatitengera komweko. Mantha anandigwiranso, koma tsopano osakanikirana ndi manyazi, chifukwa munthu amene anali pambali pangayu akanakhala ali kutali pa msewu wa ku Muscat pakanapanda ine.

Ndinawagwedeza Agogo n'kuwauza. Anakonza kachipangizo ka m'khutu, anasuzumira kumwamba kamodzi, n'kutsamiranso.

"Agogo, mundikhululukire. Ndakubwezerani kumoto."

"Wandibweza ndani? Ndili ndi miyendo yanga."

Tinayenda pang'ono. Funso linkandidya kuyambira masana, ndiye ndinalifunsa.

"Atakukhululukirani muja, pobwerera kwanu, pa boda anakuvutitsani?"

"Ayi. Anangoyang'ana chiphaso n'kundiuza kuti ndidutse. Patapita zaka ndinafunsa loya wina kuti akaone fayilo yanga. Munalibe kanthu. Mlandu wanga sunafike n'komwe kukhoti, mapepala anangokhala penapake mu kabati. Zaka zonse zija palibe amene ankandifuna."

Ndinamva ngati wina wandithira madzi ozizira.

"Ndiye kuti inenso mwina ndikanangodutsa?"

"Mwina."

"Ndataya ntchito pachabe?"

"Mwina. Kapena usiku uno ukanagona pasimenti. Ine sindikudziwa, iwenso sukudziwa, ndipo amene angakuuze kuti akudziwa ndi wabodza."

Ndinapsa mtima, ndinene zoona. Ndinkafuna andiuze kuti ndachita bwino.

"Nanga ngati simukudziwa, munatsikiranji ndi ine?"

Basi inali italowa m'misewu ya m'tauni, mashopu ali otsegula, anthu ataima m'magulu ndi mafoni m'manja.

"Chaka chachitatu ndili ku Canada, amayi anga anamwalira," anatero. "Mlongo wanga anandiimbira. Ndinabwereka suti yakuda, ndinakwera basi mpaka pa boda. Ndinafika pamzere, kutsogolo kwanga kutatsala anthu atatu, ndipo ndinatembenuka. Mwana wanga uja sadziwa zimenezi, amadziwa kuti uthenga unandipeza mochedwa. Ulendo wobwerera unali wa maola anayi, Esinati. Mpando wa pambali panga unali wopanda munthu."

Ndinangochotsa chikwama chimene chinali pakati pathu n'kuchiika pansi, ndipo tinakhala choncho mpaka ku Deira.